Tsiku Limene Tinatsitsa Thanki ya Galimoto ya Bambo

Ndinadzuka tambala asanalire. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atagona pamikeka, ndipo panja abambo anali atazungulira chikuni chimene chinali kutha. Bambo anga anali m'bokosi pabalaza. Ndinatuluka kukathandiza kusonkha moto.

Zinali zaka za Chitaganya, Lilongwe akali tauni yaing'ono yafumbi. Bambo anali makanika, ndipo galimoto zambiri zowoloka pamlatho zinadutsapo m'manja mwawo. Yawoyawo inali yakalekale, yotsekula kumbuyo, yoliza popukusa chitsulo kutsogolo. Anaigula kwa mzungu wina wa fodya itafa kale, nkhuku zikuikiramo mazira, n'kuidzutsa okha. Akudwala ananena kawiri konse kuti kumanda akwawo, kutsidya kwa mtsinje, adzapita pagalimoto imeneyo.

Kutayera, achimwene anapita kukailiza. Anapeza pansi pake patanyowa. Thanki ya petulo inali kudontha, mafuwa athu ali chapafupi pomwepo. Abambo anayi anaikankhira kutali, pansi pa mtengo wa mango, wina n'kukwirira ponyowapo ndi mchenga.

Anthu anali atayamba kufika: oyendetsa malole, ogulitsa mumsika, amwenye a masitolo, ena panjinga kuchokera kumidzi. Kunatentha kuyambira m'mawa, ndipo kum'mawa kunali mitambo yakuda. Mmwenye wina amene bambo anamugwirira ntchito zaka zambiri anapereka lole yake kuti inyamule maliro. Bambo aang'ono, amene ankayendetsa mwambo, anavomera poopa mvula. Koma apo amayi anga anadzutsa mutu.

"Alamu, ananena okha. Loleyo iyambe yadikira."

Pagululo panali mkulu wina wachisilamu, wokhoma zidebe kuseri kwa msika, mnzawo wa bambo wakalekale. Anagwada, n'kupapasa thankiyo kunsi.

"Mukanditsitsira ndimata," anatero. "Koma msana wangawu sundilola kulowa pansi."

Amakanika analipo ambiri, ndipo awiri anayamba kupinda malaya. Achimwene anawaletsa. Tinadabwa tonse, chifukwa iwo anali kalaliki kuboma. Anakana ntchito ya bambo akali mnyamata, mpaka awiriwo anatha chaka osayankhulana bwino. Tsikulo anavula jekete, n'kugona chagada m'fumbi ndi malaya awo oyera.

Anayamba ndi kukhuthulira petulo yense m'zidebe. Anamasula paipi, kenako malamba awiri achitsulo ogwira thanki. Bawuti imodzi inakana chifukwa cha dzimbiri. Anaithira mafuta, n'kudikira, n'kuigogoda pang'onopang'ono. Sanafunse munthu sipanala yoyenera, ankangoitola m'bokosi la zida osayang'anako. Dalaivala wina wachikulire pafupi ndi ine anapukusa mutu, nati mwanayo ankaona zonse zimene bambo ake ankachita. Thanki inatsikira pachifuwa pawo, anzawo n'kuikokera panja.

Mkulu uja anakana kuyandikiza chilichonse chotentha. Anati thanki yopanda kanthu ndiyo yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa mpweya wotsalamo umaphulika. Amayi ophika anapereka madzi onse otentha amene anali pamoto, n'kusenza mitsuko kubwerera kumtsinje popanda wodandaula. Thankiyo anaitsuka katatu ndi sopo ndi timiyala, amuna awiri akuikhutchumula, madzi akutuluka ofiira, mpaka fungo linatha.

Kabowoko kanali kochepa ngati njere ya mapira. Mkuluyo anapala mozungulira mpaka chitsulo chinayera, nadula kachigamba ka chitini. Chitsulo chake chowotcherera ankachitenthetsa pamakala athu, n'kuyenda nacho mofulumira kukasungunulira mtovu m'mbali mwa chigambacho. Anapita ndi kubwera kasanu. Atamaliza anadzaza thanki ndi madzi, tonse n'kuwerama kuyang'ana kunsi. Sikunatuluke dontho.

Itauma, achimwene anaibwezera. Dzuwa linali litapendeka. Anapukusa chitsulo cholizira chija kawiri, galimoto ili chete. Kachitatu inatsokomola, n'kulira, ndipo m'nyumba amayi a mpingo anayambitsa nyimbo.

Tinanyamuka pang'onopang'ono, achimwene akuyendetsa, amayi ali pambali pawo, bokosi kumbuyo. Podutsa pamasitolo eni ake anatseka zitseko n'kuima pakhonde. Lole ija inatsatira itanyamula okalamba. Titawoloka mlatho ndinacheuka, ndipo anthu omalizira anali asanachoke pamsika. Mkulu wokhoma zidebe anayenda wapansi njira yonse, dzanja lili pambali pa galimoto. Mvula inayamba adzukulu akumaliza kukwirira.

Madzulo nyumba inali zii. Achibale otsala anakhala kukhitchini, akuyankhula motsitsa mawu. Achimwene analowa ndi malaya akuda bii, zala zitang'ambika, fungo la petulo ndi girisi litadzaza pabalaza. Bambo ankalowa ndi fungo lomwelo tsiku lililonse poweruka. Ndinawauza kuti madzi osamba ndaika kubafa, ndipo anatembenuka kuti azipita.

Amayi anawagwira dzanja.

"Usasambe msanga," anatero. "Takhala pano pang'ono."

Achimwene anakhala pansi pambali pawo. Madzi aja anazizira.