Sopo wa pa Cassacatiza

Amayi anga anabwerera kwawo ali m'chitini cha mkaka wa ufa. Anamwalira ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo, ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo anali atapita kale ndi nkhondoyo ndisanayambe n'kuyenda komwe, choncho anandilera ndi agogo, amayi awo a amayi. Mtendere utabwera, anthu akumanga akatundu, agogo anapita kumanda ndi akuluakulu awiri n'kukatapa dothi la pamtumbira wa mwana wawo. Analithira m'chitini, kutseka, n'kukulunga ndi chitenje chimene amayi ankachikonda.

Ulendo wotere uli ndi malamulo ake. Chitini sichikhala pansi. Paliponse pamene mwaima, mumamuuza munthuyo kuti asasochere. "Amayi inu, takwera lole," ankatero agogo. "Pano ndi pamalire, musaope, awa angoona mapepala." Mwana wawo yemwe ali moyo ankamuti iwe, tsopano anali inu. Lamulo lalikulu linali lakuti woyenda chonchi akakhumudwa panjira amabwerera kumene wachokera, inu n'kukafika kumudzi ndi dothi chabe. Agogo ankaopa zimenezi. Inenso ndinkaopa, kungoti sindinali mwana wolankhula.

Vuto linali lakuti amayi ankadana ndi uve. Ngakhale kumsasa ankasesa pakhomo kawiri pa tsiku, ndipo akuti anabwezapo mbale ya ndiwo kwa mnansi chifukwa anaonapo chala m'mphepete mwake.

Lole inatitsitsa pa Cassacatiza dzuwa lili paliwombo. Galimoto yopita kwathu ku Mualadzi inali itanyamuka m'mawa, ina inali ya mawa lake. Anzathu anayala mphasa pansi pa mtengo, koma agogo anakana. "Mwana wanga wagona panja mokwanira," anatero. Wina anatilozera pensawu. Mawuwa anali achilendo kwa ine, poti ku Zambia tinkati resitihausi.

Inali sitolo yakale imene anaigawa zipinda. Mwini wake anali bambo wa kumunsi ku Tete, atavala kapusi ndi malaya osamanga mabatani, wailesi ili pamwendo. Chichewa chawo chinali cha mipata, ndipo mipatayo ankaitseka ndi Chipwitikizi.

"Muli angati, vovo?" anafunsa, kuwatchula agogo m'Chipwitikizimo.

"Atatu."

Bambowo anasuzumira kumbuyo kwathu. "Winayo?"

"Ali pafupi," anayankha agogo.

Chitseko cha chipinda bambowo anachitsegula ndi phewa. Choyamba kutuluka chinali fungo, ndipo linatuluka ngati lakhala likudikira mpata umenewo kuyambira nthawi ya nkhondo. Pazenera panali katoni. Matiresi anali ndi dzenje pakati loti mwana wa mbuzi akhoza kubisalamo, ndipo m'mphepete mwake nsikidzi zinali zitandanda osachita n'komwe manyazi ndi masana. Bulangeti linali louma gwa. Kunsi kwa bedi kunali zotsala za ndudu, mafupa a nsomba ndi jombo imodzi. Kukhoma kunali mpopi umene akangaude anaupeza kalekale kuti sutulutsa madzi. Pakona, m'beseni losambira, munali nkhuku itakhalira mazira, ikutiyang'ana ndi diso limodzi.

Agogo anakumbatira chitini pachifuwa. "Musayang'ane kaye, amayi," ananong'ona. Kenaka anatembenukira kwa mwini nyumba. "Bambo inu, muno mumagona anthu?"

"Dzulo lomweli munagona oyendetsa malole awiri, vovo. Sanadandaule."

"Anatuluka ndi magazi awo onse?"

"Aa, vovo, nsikidzi za muno n'zaulemu."

"Nanga mayi ali m'beseniwo?"

"Ameneyo savuta. Kwatsala masiku atatu aswe."

Agogo sanatayenso mawu. Anabereka chitini kumsana ngati khanda, anathyola masamba panja n'kumanga tsache. Tinakokera matiresi padzuwa, nsikidzi n'kumabalalika. Jombo ija ndinakaiponya kudzala. Nkhuku tinaisiya, chifukwa agogo anati amayi anganso sakanasuntha mnzawo ali pamazira. Koma sopo wathu anali atatha tili kumsasa.

"Iwe, pita ukapemphe sopo kwa bambo aja. Ukalankhule mokweza, usakameze mawu."

Ndinapita, ndinagwada, ndipo ndinameza mawu monga mwa masiku onse. "Agogo akuti mutithandize sopo."

Anachepetsa wailesi. "Sopa?"

"Ee, sopo."

"Ya anthu atatu?"

Ndinaganizira chipinda chija ndipo ndinati, "Ee. Wambiri."

Anaseka, n'kunena kuti tidikire pang'ono, ayatse kaye moto. Ndinabwerera kukauza agogo kuti akuti akuphika kaye.

"Akuphika sopo?" Agogo anaimitsa tsache. Kumsasa kunali amayi ena amene anaphunzitsidwa kuphika sopo mumgolo, choncho sanadabwe kwambiri. Anangopukusa mutu. "Dziko lino lasaukadi. Ndi mwamuna yemwe akuphika sopo."

Podikira tinakwecha ndi phulusa ndi mchenga, madzi ndikukatunga kuchitsime cha kuseri. Pansi panayera ndithu, koma fungo linakana. Linali litalowa m'khoma. Bulangeti tinaliviika m'ndowa, madzi n'kuda bii, kusintha, n'kudanso. Dzuwa litapendeka agogo anakhala pachitsulo cha bedi akupuma mwa befu. Anamasula chitini, kuchiika pamiyendo, kenaka anachinyamula m'mwamba kawiri ngati akuyesa dzungu pamsika. Nkhope yawo inasintha.

"Chapepuka," anatero.

Kenaka anandiyandikizira chitinicho.

"Tanyamula iwe. Si chapepuka ichi?"

Ndinachilandira ndi manja awiri. Kunena zoona sindinadziwe, poti aka kanali koyamba kuchigwira. Koma ndinaganiza za msewu umene tinadzera, malire ali pompo pafupi, ndipo ndinaona m'maganizo amayi akubwerera okha wapansi, akukutumula fumbi pachitenje. 

"Amayi inu, n'kogona kwa tsiku limodzi chabe," agogo ankachonderera. "Sopo akubwera. Kumudzi ndikakuzirirani nyumba ndi manja angawa."

Nthawi yomweyo panamveka "Odi!" pakhomo. Mwini nyumba analowa atanyamula thabwa, pathabwapo pali mbale zitatu zofuka nthunzi ndi mabanzi atatu. M'mbalemo munali msuzi wa nyemba, kabichi ndi timakaroni tikuyandama.

"Sopa ya anthu atatu," anatero monyadira. Kenaka anaona pansi poyera, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti atsimikize ngati chinali chipinda chawo chomwe chija.

Agogo anayang'ana mbale, anayang'ana ine, anayang'ananso mbale. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola, nkhuku ija n'kuyamba kutetera.

"Sabawu!" anatero akupukuta misozi. "Kuno timati sabawu! Ine mwana wa kuno, zaka zonsezi zandidyera mawu. Bambo inu, timafuna chochapira!"

"Koma mwanayu anati sopa!"

"Ndinati sopo," ndinatero ine, ndipo aka kanali koyamba tsiku limenelo kuti mawu anga amveke mpaka kukhonde.

"Sopo, sopa, inu a ku Zambia mutipha," anatero bambowo akuseka. "Chabwino, idyani, yaphikidwa kale. Winayo muitaneni, iziziratu."

Agogo anasiya kuseka. Anatenga chitini m'manja mwanga, anafunyulula chitenje pang'ono, n'kuwafotokozera mwachidule kuti wachitatuyo ndi ndani, wachokera kuti, ndiponso chimene chinawachititsa kukwecha nyumba ya eni ngati yawo.

Bambowo anayang'ana chitinicho. Anavula kapusi. Anatuluka, n'kubwera ndi mpando umene ankakhalira pakhonde, anaupukuta ndi kapusiyo mbali zonse, ndi miyendo yomwe. Agogo anakhazikapo chitini. Bambowo anaika mbale yachitatu patsogolo pake, supuni kudzanja lamanja, banzi pambali.

"Pepani, senyora," anatero atawerama. "Sitinadziwe kuti mufika lero. Takulandirani."

Anatulukanso, ndipo ulendo uno anabwera ndi mtanda wa sabawu ndi nsalu yoyala yochokera pabedi pawo, yopindidwa bwino. Katoni wa pazenera anamuzula okha, mphepo n'kulowa.

Agogo anatunga supuni imodzi ya msuzi wa m'mbale ya amayi, anakathira pansi pakhomo, n'kunena mawu angapo motsitsa. Pobwera ananyamula chitini, kuchikweza, kuchitsitsa, ife awiri tikuwayang'ana pakamwa.

"Alipo," anatero. "Mwana wangayu ndi waukhondo, koma mwano alibe. Sangachoke pakhomo pamene amuikira mbale."

Msuziwo unali wopanda mchere wokwanira ndipo timakaroni tinali titaphikika mpaka kusungunuka. Agogo anadya akuudandaula, n'kumaliza wonse. Mbale ya amayi anandikankhira ine, akuti iwo sankamaliza chakudya ine ndikuyang'ana. Ndinadya mbale ziwiri, mwini nyumba ataima pakhomo akufunsa agogo ngati msewu wa ku Mualadzi akuukumbukirabe. Titatha tinachapa bulangeti kachitatu, tsopano ndi thovu, ndipo tinapeza kuti linali lobiriwira.

M'mawa mwake galimoto inabwera itadzaza kale matumba ndi njinga. Agogo anayenera kugwira ndi manja onse awiri kuti akwere, choncho anandipatsira chitini, ndipo atakhala sanachiitanitsenso. Msewu unali wa mabampu, ndipo pa bampu lililonse agogo ankandigunyuza kuti ndiwauze amayi pamene tafika. Ndinkawauza, ngakhale malo ake sindinkawadziwa: pano pali mlatho, pano pali munda wa chimanga, apa mbuzi zatitsekera njira. Chitinicho chinandilemera mpaka mikono kuchita dzanzi, koma sindinapemphe aliyense kuti andilandire mpaka tinatsika pa Mualadzi.