Phanga la a Mijat

A Mijat anakumba nawo msewu wa m'phanga loboola phiri, ndipo khutu lawo lakumanja linagonthera m'menemo ndi mabomba oswera miyala. Msewu utatsegulidwa, pa makomo ake onse awiri anaikapo zipata. Aliyense wodutsa kunsi kwa phiri ankalipira mayuro atatu, pamwamba pa misonkho yonse ya galimoto. A Mijat anafika ndi tchizi chawo cha kumsika, natchula dzina lawo. Anauzidwa kuti alipire. Anatembenuza galimoto, nalumbira anthu akumva kuti sadzaperekapo ngakhale khobidi.

Anasungadi mawu awo. Zaka khumi ndi zisanu, Loweruka lililonse, ankakwera msewu wakale wapamwamba, wokhotakhota, ola ndi theka, pamene anzawo ankatulukira kutsidya m'mphindi khumi. Akazi awo, a Kosara, ankachita nseru ulendo uliwonse.

"Nanga mafuta mukuwotchawa ndi aulere, bambo a Obren?"

"Mafuta ndigula. Dzenje lokumba ndekha sindigula."

Kenako mwana wawo Obren anapeza mbeta kuseri kwa phiri, dzina lake Dunja. Tsiku la ukwati a Mijat anatsogolera magalimoto asanu ndi anayi kukatenga mkwatibwi, kudzera pamwamba. Koma otenga mkwatibwi sabwerera njira imene anadzera, kuopa kuti naye angadzabwerere kwa makolo ake. Njira zinalipo ziwiri basi. A Mijat ankadziwa, koma ankaganiza kuti palibe amene atchule.

Anatchula ndi mlamu wawo, a Ljubo, nyama ili m'kamwa.

"Pobwerera tidzera kuti, alamu? Kapena mutikumbira lina?"

Anthu anaseka, koma amake a Dunja sanaseke. Mwana wawo woyamba anamutenga pa njira imodzimodzi popita ndi pobwerera, ndipo chaka chisanathe anabwerako ndi sutikesi.

"Bambo, ine sindikukakamizani," anatero Dunja.

A Mijat anamuyang'ana, natenga makiyi a galimoto.

Pachipata cha phanga mtengo wotchinga msewu unali wotsitsa. M'kanyumba munali Zorka wolipiritsa, amene ankawaona zaka zonsezo akukhotera msewu wapamwamba.

"Tsinzinani, alamu, ndikulipirireni," anakuwa a Ljubo.

A Mijat anatsika, nakonza jekete. Kulinso mwambo wakuti wotsekera ukwati njira, kaya ndi chingwe kaya ndi mtengo, amapatsidwa kangachepe kuti atsegule.

"Mwana wanga Zorka, watitsekera ukwati?"

Zorka anayang'ana mkwatibwi, kenako nkhalambayo. "Ndatseka, malume. Ndipo sinditsegula wamba."

"Mwambo ukuudziwa iwe."

Anamupatsa botolo la kachasu wa rakiya, keke yokulunga m'nsalu, ndi ndalama zodzaza dzanja, zokwanira magalimoto onse. Zorka anatulutsa lisiti.

"Za ukwati zilibe lisiti," anatero a Mijat.

A Kosara anatambasula mkono pawindo, nalilandira, nalipinda mwakachetechete m'chikwama. Mtengo wotchinga uja unakwera m'mwamba.

Mkati a Mijat anayendetsa pang'onopang'ono, mpaka am'mbuyo anayamba kudandaula. Phangalo anali asanalionepo lili ndi magetsi. Pakatikati analoza khoma pamene madzi ankachucha.

"Taona apo, mpongozi. Khutu langa ndinalisiya pamenepo. Madziwo tinalimbana nawo miyezi inayi."

Dunja anatembenuka, nayang'anabe khomalo mpaka linabisika.

Loweruka lotsatira a Mijat anapakira tchizi, nakwera msewu wawo wapamwamba monga kale. A Kosara ndi Dunja anakwera basi ya m'phanga, ndipo pamene nkhalamba inkafika kumsika, anali atayala kale tebulo.