Foni ya atate yayaka

Mwaswela bwanji nonse.

Foni ija ya malemu atate, imene inagwela m'chitsime kudimba ku Nyampande, lelo yayaka. Mailo ndinali ku Kacholola kukonza sola ya aDaka, ndiye anandipatsa foni yawo yakufa ya mtundu womwewo. M'mawa muno kushopu ndachotsamo sikilini ndi batile n'kuika mu ya atate.

Zithunzi zonse zinawonongeka. Mwatsala uthenga umodzi wa mawu umene atate anajambulila amai, koma sunapite poti kudimba kulibe netiweki.

Akuti: "Amake Chisomo, mbuzi zalowanso, lepu yonse zadya. Musapse mtima, ndidzabyala ina. Mundiikile madzi osamba." Kenako akuseka, akutsokomola, basi.

Nditamva ndatseka chitseko. Kasitomala wagogoda mpaka watopa.

Ndausunga pa laputopu ndi pa memole khadi, sungatayike. Amai sindinawauze, ndipo sali pagulu lino. Mukudziwa mmene mtima wawo ukuvutila chichitikile malilo.

Akulu, alongo, mukuti bwanji? Ndipite nawo pa Sondo akaumve, kapena tiyembekeze apezeko mphamvu? Kuusunga kukundilemela, chifukwa uthengawu si wanga, ndi wawo.