Ndinaloza geti la oimba omwe ndinkawakonda

Inu owerenga, nkhani iyi ndaisunga pamtima nthawi yaitali. Ndine amene ndinalozera anthu achiwembu nyumba ya anthu osalakwa. Sindinkawada anthuwo ayi, ndinkawakonda kwambiri. Chinandigwetsa ndi pakamwa panga, kenako mantha.

Ndine telala, mayi wa ana awiri, ndipo ndili ndi kashopu kosokera ku Kabwata. Mwamuna wanga amayendetsa galimoto zikuluzikulu zopita kunja, choncho nthawi zambiri pakhomo ndimakhala ndekha ndi ana. Chiyambire utsikana wanga ndimakonda nyimbo zoimbidwa anthu akuona, gitala ndi ng'oma zikugunda pachifuwa, osati zongomvera pa wailesi. Panali bandi ina, dzina sinditchula, yomwe ndinkaitsata kulikonse, kaya ku Woodlands Loweruka masana, kaya ku Kabulonga komwe tinkavina pa kapinga titavula nsapato. Mtsogoleri wake anali ba Mwansa, bambo wofatsa wochokera ku Luapula, katswiri pa gitala. Tsiku lina anaona malaya a chitenge omwe ndinasokera mwamuna wanga nawakonda, ndipo kuyambira pamenepo yunifomu ya bandi yonse ndinkasoka ndine. Ndikamaliza ndinkapita nazo ku Chelstone, kunyumba kwawo, komwe ankakonzekera nyimbo m'galaji Lachitatu lililonse masana.

Ife okonda bandiyo tinali ndi gulupu yathu ya pa foni. Munali anthu ambirimbiri, ochuluka osadziwana nkhope. Tinkakambirana za mashoo, kuti uku zokuzira mawu zinali zoipa, uku anaimba mpaka anthu kulira, nyimbo yakuti anaifupikitsa. Inenso ndinkaikamo zithunzi za zosoka zanga ndi kunena pomwe shopu yanga ili, poti ndinkafuna makasitomala.

Nthawi ya kampeni itafika, chipani china chinaitana bandiyo kuti ikaimbe pa msonkhano wake waukulu. Iwo anakana, ndipo sanakane mobisa. Analengeza kuti sadzakwera nsanja ya chipanicho mpaka anyamata ake, omwe kuno timawatcha makada, atasiya kumenya anthu m'misika ndi m'masiteshoni a basi. Gulupu yathu inayaka moto. Ena ankati woimba aziimba basi, ndale asiyire eni ake. Ena ankati achita chamuna. Ena ankangodandaula kuti mashoo awiri omwe tinkawayembekeza alephereka, chifukwa eni malo anachita mantha. Kenako munthu wina amene sindinkamudziwa analemba kuti oimbawo agulidwa ndi chipani chotsutsa, alandira zawo, ndipo athawira kunja kwa dziko.

Apa mpomwe ndinalakwa. Mtima unandipsa, komanso ndivomere kuti ndinkafuna anthu adziwe kuti ine ndimawadziwa oimbawo pafupi. Ndinatumiza chithunzi chomwe ndinajambulitsa nawo m'galaji muja, ndi kulemba kuti abodza achite manyazi, anthuwa ali konkuno ku Chelstone, amaimba Lachitatu lililonse, ndipo ine ndimapitako ndekha. Anthu anandiyamikira, ine nkumamva kukoma. Mnzanga Tisa, yemwe timapemphera mpingo umodzi, anandiimbira nthawi yomweyo nkundiuza kuti ndifufute msanga. Ndinamuseka kuti ndi wamantha. Ndinafufuta patapita ola lathunthu, koma madzi anali atatayika kale.

Lachiwiri lotsatira, cha m'ma leveni m'mawa, ndili pa makina, pakhomo pa shopu panaima galimoto yopanda nambala. Munatuluka amuna atatu. Awiri anaima pakhomo nkutchinga kuwala, wachitatu analowa nakhala pa benchi ya makasitomala. Anali wovala bwino, wonunkhira mafuta, wolankhula mwaulemu. Anandionetsa chithunzi changa chija pa foni yake.

"Muli shani, amai? Osayopa. Tifuna chabe mutipeleke kuli ba Mwansa mailo. Tikambe nao pang'ono."

Ponena kuti mailo ankatanthauza mawa lake, Lachitatu. Ndinayesa kunama kuti njira sindiikumbuka bwino. Iye anamwetulira, natola kadiresi ka sukulu ka mwana wanga wamkazi Thoko komwe ndinkakonza mpendero, nakatembenuza uku ndi uku. Anatchula sukulu yake, natchulanso nthawi yomwe amaweruka. Potuluka anati akadzafika mawa nkupeza oimbawo kulibe, adzadziwa amene wawauza.

Inu owerenga, ndikufuna mumve bwino apa, chifukwa ndi pomwe pamandipweteka koposa. Ndinali ndi tsiku lathunthu. Nambala ya ba Mwansa inali mu foni mwanga, ya akazi awo inalinso momwemo. Ndinaitsegula kangapo konse, chala nkuima pamwamba pake. Ndinaganiza zopita ku polisi, koma ndinaopa kuti nkhani iwafika anthu aja ine ndisanabwerere kunyumba. Ndinaganiza zouza Tisa, manyazi anandigwira poti anandichenjeza ine nkumuseka. Mwamuna wanga anali kutali pa msewu. Ndinkayang'ana ana anga akulemba za kusukulu pa tebulo, ndipo ndinadziuza kuti mwina akungofunadi kukambirana, mwina angowaopseza basi. Ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza. Sindinaimbe foni.

Lachitatu anabwera masana, galimoto ziwiri. Anandikhazika kumbuyo pakati pa amuna awiri. Pansi pa mapazi anga panali zitsulo ndi mipini ya makasu, ndipo galimoto ikagunda bampu zinkandikhudza m'miyendo. Tinadutsa m'misewu yomwe ndimaidziwa kuyambira ubwana, anthu akugula tomato m'mbali, ana akuchokera kusukulu, koma palibe amene akanadziwa kuti mayi ali m'galimotomo akufa ndi mantha. Ndinkapemphera kuti magetsi akhale atazima ku Chelstone, oimbawo asabwere. Titakhota kulowa mu msewu wawo ndinamva ng'oma ikulira patali. Mkulu wovala bwino uja anatembenuka nkundiyang'ana. Ndinakweza dzanja ndi kuloza geti lobiriwira.

Ananditsitsa pa kona nandiuza kuti ndizipita osacheuka. Ndinayenda pang'ono, kenako ndinakhala pansi m'mbali mwa ngalande. Nyimbo inaduka pakati. Ndinamva zinthu zikuphwanyika, mayi akukuwa, agalu a m'deralo akuuwa onse. Sizinatenge nthawi yaitali. Galimoto zija zinandidutsa mwaliwiro, ndipo ine mmalo mothamangira kukathandiza ndinakwera basi nkuthawira kwathu.

Madzulo ake nkhani inali ponseponse mu gulupu. Zida zonse zoimbira anaziphwanya. Woimba ng'oma anamutema pamutu koma anachira. Ba Mwansa anawagoneka pansi nkuwaponda dzanja lamanzere pa simenti, zala zitatu zinathyoka. Anthu ankafunsana kuti achiwembuwo anaidziwa bwanji nyumbayo. Ena anakumbuka chithunzi changa. Ndinatuluka mu gulupu, ndinatseka shopu milungu itatu, ndipo ana ndinawapititsa kwa mchemwali wanga ku Kaunda Square. Galimoto iliyonse ikaima pafupi ndi nyumba ndinkabisala kuseri kwa katani. Ndinkaopa makada aja, ndinkaopa okonda bandi, ndinkaopa ngakhale foni yanga ikalira. Ndinaonda mpaka madiresi anga omwe ndinachita kuwabweza pa makina kuti andikwane.

Mwamuna wanga atabwera ndinamuuza zonse. Sanandikalipire, koma anati sitingakhale ndi chinthu chotere m'nyumba, tipite tikaonane nawo. Tinawapeza ba Mwansa atasamukira kwa achibale ku Woodlands, dzanja lili mu pulasitala. Ndinagwada pakhomo ndi kuulula zonse, kuyambira chithunzi mpaka geti. Iwo anati akumva za ana anga, nawonso ndi kholo. Koma akazi awo anandiyang'ana m'maso misozi ikutsika.

"Amake Thoko, sembe munatuma chabe ka meseji kamodzi. Sembe tinachosa bana mu nyumba. Mwana wanga anaona vonse."

Ankanena kuti ndikanangotumiza kauthenga kamodzi, akanachotsa ana m'nyumbamo. Mwana wawo wamkazi, wamsinkhu umodzi ndi Thoko wanga, anali ataima pakhomo pa galaji pomwe bambo ake ankapondedwa.

Chisankho chinadutsa, zikwangwani za kampeni zinang'ambika m'mitengo, amene anachita zija sindinamve kuti anagwidwa. Bandi ija inabalalika. Ba Mwansa zala zawo zinapola mopindika, sangathenso kukanikiza nsambo za gitala monga kale. Tikakumana m'tauni amandipatsa moni, koma akazi awo amayang'ana kumbali, ndipo sindiwaimba mlandu.

Inu owerenga, makamaka inu okonda nyimbo ngati ine, mverani. Mu magulupu a pa foni simuli anzanu okhaokha, muli ena amene amangowerenga mwakachetechete. Mukangane za nyimbo mmene mungafunire, koma musanene kumene munthu amakhala kapena nthawi yomwe amapezeka, ngakhale mukuti mukumuikira kumbuyo. Woimba akasankha kukana andale wadziika yekha pangozi akudziwa, inu musamuonjezere ina pofuna kutchuka. Mnzanu akakuchenjezani musamuseke. Ndipo anthu oipa akakuopsezani kuti mukhale chete, musakhale nazo nokha ngati mmene ndinachitira ine. Uzani m'bale, uzani abusa, bisani ana anu kwa achibale, kenako chenjezani amene akufunidwayo. Zonsezi ndikanatha kuzichita tsiku limodzi lija, koma ndinaziganiza dzanja la munthu litathyoka kale.