Dzanja Lamanzere la Mkamwini

Mayi Benedeta a ku Nsaru sanaponyepo nkhonya chibadwire, kupatula tsiku limodzi kuchigayo, ndipo nkhani imeneyo inathera kwa bambo mfumu ku parishi. Koma nkhonya ankazidziwa. Pa utsikana wawo ankasankha fodya pa esiteti ina ku Kabudula, ntchito yophunzitsa diso kuona chilema pa tsamba limene ena onse akuliyamikira. Amuna awo atamwalira, chaka chomwe anthu anayamba kuvotera zipani zambiri chija, anayamba kugulitsa zitumbuwa pakhomo pa nyumba ya vidiyo kumsika. Chitseko cha nyumbayo sichinkatsekeka bwino. Pampata pomwepo anaonera amuna a mayiko onse akuswana zibwano, ulere, kwa zaka zoposa makumi awiri.

Mwana wawo Sabina anakwatiwa ndi Lameck Kamphinda, katswiri wa nkhonya amene a nyuzi ankamutcha Nyundo ya ku Nsaru. Koma mkamwini ndi mkamwini, kaya ali ndi malamba angati. Galimoto yake ikangoima pakhomo, mayi Benedeta ankazembera kuseri kwa nkhokwe. Malonje ankachitika chapatali, wina atayang'ana kumtengo wa mango, wina kukhola. Kwawoko manyazi amenewa amatha mkamwini akapereka nkhuku kwa apongozi ndi manja ake. Lameck ankati adzapereka akapeza mpata. Mpatawo anaufunafuna zaka zisanu ndi zinayi.

Chimene chinkawadya mayiwo ndi ichi: Lameck akaponya dzanja lamanja, lamanzere linkagwa, chibwano n'kutsala pamtetete. Anatumapo Sabina kangapo. Koma uthenga wodzera mwa mkazi wa munthu umafika utazizira.

"Amayi akuti muzisamala," ankatero Sabina.

"Uwauze zikomo, apitirize kutipempherera."

Tsopano kunatsala masabata atatu kuti Lameck akumane ndi chimunthu china cha kutsidya kwa malire a Mchinji, chomwe mayi Benedeta anachionera pampata paja chikugonetsa amuna atatu, onse podzera pa khomo la kumanzere, lomwelo limene Lameck ankalisiya lotsegula. Mmodzi sanadzukenso bwino. Umasiye mayiwo ankaudziwa, ndipo sankafuna kuti Sabina aulawe.

M'masiku omwewo kunabwera a kanema. Ankajambula pulogalamu yoonetsa moyo wa banja la Nyundo, ndipo mtsogoleri wawo, mtsikana wa mumzinda dzina lake Chrissy, anati akufuna "moyo weniweni wa kumudzi". Kuti moyowo ukhale weniweni, anachotsa mipando ya pulasitiki, anabisa sola kuseri kwa bafa, n'kukabwereka mtondo kwa aneba. Anabweranso ndi a Obadiya Kalumbu a ku ofesi ina ya kuboma, amene ntchito yawo inali kuonetsetsa kuti chikhalidwe chikuyenda motsatira ndondomeko. Anali ndi chikwama, tayi, ndi kalata ya zidindo zitatu.

"Amayi, ndi zophweka," anatero Chrissy atawapeza kuseri kwa nkhokwe. "Mutuluke, mumukumbatire mkamwini wanu, basi."

Lameck anamva. Munthu amene sanathawepo nkhonya anapezeka ali kuseri kwa galimoto.

"Achemwali, bola mundipatse amuna awiri nthawi imodzi. Apongozi ayi!"

A Obadiya anakonza kukhosi n'kufunyulula kalata. Anawerenga kuti malinga ndi ndime yachitatu, komanso pofuna kulimbikitsa umodzi m'mabanja, manyazi a pakati pa apongozi ndi mkamwini aimitsidwa kaye kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana.

"Kodi kalatayo imaikira mazira?" anafunsa mayi Benedeta.

"Mayi, ili ndi zidindo zitatu."

"Inunso muli ndi apongozi, eti?"

"Ali ku Mpingu."

"Munakawawerengerapo ndime yachitatuyo?"

A Obadiya anapinda kalata bwinobwino, ndipo anati nkhaniyi ikufunika kuunikidwanso.

Chrissy atamva kuti mfungulo ndi nkhuku, anaseka. Anatuma dalaivala ku Namitete, ndipo pasanathe ola anabwera nayo, ili m'pulasitiki, yolimba ngati njerwa. Sabina anapita nayo kuseri kwa nkhokwe. Mayi Benedeta anaitembenuza monga ankachitira ndi tsamba la fodya.

"Mutu palibe, miyendo palibe, yazizira kale. Iwe Sabina, kawafunse ngati abwera kudzalengeza maliro."

Inafunika yamoyo. Mayi Dyness, eni mtondo uja, anavomera kupereka thadzi lawo lamawangamawanga, koma anati wolifunayo adzigwirire yekha, iwo ali ndi nyamakazi. A Obadiya anagamula kuti popeza mwambo ukunena manja a mkamwini, ofesi yawo singalole womuthandiza. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndondomeko inagwira ntchito.

Nyundo inavula jekete. Thadzi linalowa pansi pa ngolo, linatulukira kudzala, linazungulira khola kawiri. Lameck analidumphira n'kugwira fumbi. Analipanikiza pa mpanda, ilo linamuulukira pamutu. Kachitatu anapunthwa pa mzere wa mbatata, ndipo amayi amene anasonkhana anayamba kumuwerengera mokweza: wani, thuu, firii. Wa kamera ankathamanga pambuyo, akulira ndi chimwemwe. Mayi Benedeta, akusuzumira pakati pa nsungwi za nkhokwe, sanaseke. Ngakhale pogwira nkhuku, dzanja lamanzere linkagwa.

Pomaliza analigwira mchira. Anayenda chogwada, mawondo ali matope okhaokha, n'kulipereka ndi manja awiri. Mayi Benedeta anatuluka, analandira, n'kupatsira Sabina. Kenako anamuyang'ana mkamwini wawo kumaso. Anaona kuti ali ndi maso abwino, ofatsa, ndiponso mphuno yomwe inaona zambiri.

"Yandikira, misozi ikubwera," Chrissy ananong'oneza wa kamera.

"Imirirani, bambo," anatero mayiwo. "Muime monga mumaimira kuntchito kwanu kuja."

Lameck anaima, akumwetulira mwamanyazi.

"Ponyani lamanja."

Anaponya m'malere, mwaulemu. Chikhatho chomwe chinakanda ufa wa zitumbuwa zaka makumi awiri chinadzera pa khomo lija, phwa! Nyundo inakhala pa mtondo wobwereka.

"Pamenepo. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuona pamenepo. Mukaponya ili, ilo lizikhala pa tsaya ngati mukumva dzino. Wa kutsidya uja sakugulitsa zitumbuwa."

"Ndamva, amayi."

"Imirirani. Tibwereze."

Anabwereza mpaka 4 koloko, nthawi yomwe a Obadiya anatsekera chikwama. M'lipoti lawo analemba kuti chikhalidwe chinayenda bwino chifukwa cha upangiri wa ofesi.

Tsiku la nkhonya, mwini nyumba ya vidiyo anawakonzera mayi Benedeta mpando wa kutsogolo, poti tsopano dziko lonse linali litawaona pa kanema. Anakana. Anati pampata ndi pomwe amaona bwino. Lameck anamenyana zigawo zonse khumi ndi ziwiri, dzanja lili pa tsaya ngati wodwala dzino, ndipo oweruza anapereka lamba kwa mnzakeyo. Kumsika anthu anadandaula sabata yathunthu.

Loweruka lotsatira galimoto inaima pakhomo. Lameck anatsika yekha, ndi miyendo yake, Sabina ali pambali. Mayi Benedeta sanapite kuseri kwa nkhokwe. Anamuuza ayasamule, anawerenga mano, n'kumupatsa chitumbuwa.