Zaka Zisanu ndi Ziwiri Kumbuyo kwa Munthu

Inu amene mumakhetsa thukuta koma m'manja amawombera wina, tamvani za Mayankho.

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankaimba gitala kumbuyo kwa a Gregory, woimba wotchuka mu Lilongwe. Anali ndi Wiza wa ng'oma, ndi Eneless amene ntchito yake inali kuvomera nyimbo basi. Tsiku lina, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, a Gregory anawaitanira ku ofesi kwawo ku City Centre n'kuwaonetsa kafulashi kochepa ngati chala.

"Zoimba zanu zonse ndajambulira umu," anatero. "Aka sikachedwa, sikadwala, sikadandaula."

Ntchito inathera pomwepo.

Patatha mwezi anapeza mwayi woimba okha pa chinkhoswe ku Area 12. Anakaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mpanda, monga anazolowera. Zala za Mayankho zinkasiya mipata m'nyimbo, kudikira mawu a munthu amene panalibe. Zitatha nyimbo zisanu, mayi wa pakhomopo anabwera mwaulemu.

"Zidazo mwaziyesa mokwanira, ana anga. Nanga woimbayo afika nthawi yanji?"

Pobwerera, ali mu depoti ku Old Town, Wiza anaulula kuti bambo ake amupezera malo a ukalaliki ku Capital Hill.

"Amwene, ife ndife mthunzi. Mtengo wapita. Tingosiya."

"Undipatse miyezi itatu," anatero Mayankho, ngakhale sankadziwa chochita nayo.

Eneless anakhala pa sipika n'kumang'ung'udza kanyimbo kamene mayi ake ankaimba posinja kwawo ku Mitundu. Mayankho anatembenuka n'kutchera khutu. Zaka zonsezo anali asanamvepo mawu a mtsikanayu ali okha!

"Asisi, tabwerezani."

"Iyi? Ya pamtondo iyi. Anthu a m'tauni angatiseke."

"Atiseka kale."

Ena amati tsiku limenelo Mayankho anakonda nyimbo, ena amati anakonda mwini wake. Onse akunena zoona.

Anapempha kashedi ka kalipentala wina ndipo ankakonzekera masana, makina akazima. Wiza anaphunzira kugunda ng'oma ngati munsi. Mayankho anaikweza gitala mpaka kubangula pansi pa mawu a Eneless. Anadzitcha Minsi Itatu. Koma zitseko sizinatseguke. Wa pa wailesi ina anati nyimbozo n'zachimidzi, wokonza madansi anati n'zaphokoso.

Sabata yomaliza ya miyezi itatu ija, a Gregory anatulukira pa shedipo, nsapato zawo zikumira mu utuchi. Anali ataitanidwa kukaimba kunja, ndipo kumeneko ankafuna bandi yeniyeni.

"Bwererani m'malo mwanu, anyamata. Zakale zapita."

Mayankho anali asanakwerepo ndege. Ankailota kuyambira ali mwana. Anayang'ana Eneless.

"Bwana," anatero mtsikanayo motsitsa mawu, "msana wanu ndimaudziwa kuposa nkhope yanu. Sindikufunanso kuuona."

Mayankho anatembenukira kwa a Gregory. "Pepani bwana, ulendo wabwino. Ife tili ndi nyimbo yoti timalize."

A Gregory anakwera galimoto yawo n'kuchoka. Kenako Wiza anatola timitengo take toimbira ng'oma.

"Adada ndikawauza ndekha kuti za ukalaliki ndazikana. Tiyambire pa vesi yachiwiri."

Sizinasinthe mawa lake. Panadutsa zaka zina ziwiri za kuyenda wapansi, kuimba pa misika ndi m'masukulu. Koma amayi ogulitsa tomato anayamba kuvomera nyimbozo, ana awo n'kumazijambula pa foni, mpaka mabwana a m'maofesi anayamba kufunsa kuti ana amenewa ndi a kuti. Lero Minsi Itatu ikaimba, agogo ndi adzukulu amavina bwalo limodzi.

Mnzanga, mwina nawe wakhala kumbuyo mpaka waiwala kamvekedwe ka mawu ako. Adzakuseka, inde. Adzakuitananso kumene unachoka, tsiku limene njala yakula. Limba pamenepo. Usataye mtima, ndipo nyimbo yako usaisiyire pakati.