Kamfuti ka Mpweya m'Sutukesi Mwanga

Izi sindikupeka ayi, ndipo wokayika abwere kwathu adzaone yekha mapepala, chifukwa ine sinditaya ngakhale lisiti la sopo. Ndinagwira ntchito ya udalaivala kunja, ku Al Waab, zaka zambiri osaimapo pamaso pa wapolisi, koma tsiku lobwerera kumudzi ndi limene ndinatsala pang'ono kukafera m'ndende ya dziko la eni.

Mukudziwa mmene timachitira ife kunja kuja, zikangomveka kuti wina akupita kumudzi aliyense amabwera ndi kake, uyu foni ya mkazi wake, uyo nsapato za ana, ndipo kutsegula katundu wa mnzako kumakhala ngati ukumuyesa wakuba. Mmodzi mwa obwerawo anali bambo wa kwathu komwe, mlonda ku Al Mirqab, amene tinkapemphera limodzi. Anandipatsa phukusi lokulunga ndi tepi mbali zonse, nati ndi zida za mchimwene wake wokonza njinga zamoto. Ndikanayamba bwanji kulitsegula? Ndinangomuuza, monga ndinauzira onse, kuti alembe papepala dzina lake, nambala yake ya foni ndi zimene zili m'katimo, asaine. Anaseka kuti achikulire asanduka akalaliki, koma analemba.

Ku bwalo la ndege, dzuwa lili paliwombo, mayi wolandira katundu anandifunsa ngati ndalongedza ndekha, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Nditakhala kale pampando kudikira ndege, ndinamva dzina langa pa zokuzira mawu, kawiri, akulitchula mopotoka. Anabwera amuna awiri a yunifolomu, osakalipa, osamwetulira, nanditengera m'kachipinda kopanda zenera, kozizira ngati kosungiramo mitembo. Patebulo panali sutukesi yanga, phukusi lija atalitumbula kale. Pakati pa masipanala awiri panali mfuti yaing'ono yakuda, kabokosi ka tizipolopolo, ndi timabotolo tachitsulo ta mpweya.

Ine ndi mfuti, tinadziwana kuti? Mkulu wawo anafotokoza modekha kuti inde ndi ya mpweya, si ya onga, koma imafuna chilolezo ndiponso kuinena munthu asanakwere ndege, ndipo timabotoloto sitiloledwa n'komwe. Kenako anandikumbutsa kuti ndanena ndi pakamwa panga kuti ndalongedza ndekha. Pasipoti yanga anaiponya m'dirowa, natseka.

Ndinawapempha kuti aimbire mwini wake wa phukusilo. Anaimba foni ili patebulo, tonse tikumva, ndipo munthu uja, amene tinkadyera m'mbale imodzi, ananena kuti sandidziwa kwenikweni ndipo sanandipatse kalikonse. Nditamudandaulira m'Chichewa kuti asandiphe ndili moyo, anadula foni. Apo m'pamene ndinaganiza za zidzukulu zanga, kuti zidzakula zikumva kuti agogo awo anagwidwa ndi mfuti kunja.

Ndinatulutsa pepala limene munthuyo anasaina lija. Mkulu wawo uja analiwerenga, analijambula, natuluka nalo. Nthawi ya ndege yanga inakwana, inadutsa, ine ndili pampando womwewo. Ndinakhala m'manja mwa apolisi masiku awiri, mpaka mwini wake atatengedwa ku ntchito navomera kuti mchimwene wakeyo ankafuna mfuti yoopsezera akuba. Ntchito inamuthera pomwepo, anamubweza kumudzi.

Chondiwawa mpaka lero n'chakuti abale ake sandipatsa moni. Akuti munthu wamkulu sapereka mnzake kwa apolisi a dziko la eni, ndikanangovomera kuti ndi yanga, poti ine ntchito ndinali nditamaliza kale pomwe mnzangayo ana ake akadali pasukulu. Ndivomere ine? Iye pondikana pa foni paja, anga anawaganizira?

Ine tsopano ndimakhulupirira kuti munthu wokulunga phukusi mpaka osasiya pogwira amadziwa chimene wabisamo, ndipo amasankha dala munthu wa imvi, podziwa kuti wamkulu amachita manyazi kufunsa. Inu amene muli kunja, wina akakutumani katundu mutsegulireni pamaso pake, ngakhale akhale wa bere limodzi. Akakwiya, mubwezereni, adzakwere naye yekha.